Nsomba zodya mazira awo: luso loweta 'matemba a m'galasi'

Pakhomo pakapezeka nkhuku ya khalidwe lojompha ndi kumwa mazira ake omwe, mlandu wake suchedwa kugamulidwa. Mwini wake amangodikira tsiku lofika mlendo, basi nkhukuyo yasanduka ndiwo. Koma kuli chiweto china chomwe kudya mazira ndi chibadwa chake, ndipo ochiweta sachilanga. Iwo amangochichenjerera.

Chiwetochi ndi nsomba zing'onozing'ono zokongola zotchedwa barb, zomwe anthu amasunga m'mathanki agalasi, aja ena amati akwariyamu, pofuna kukometsa pabalaza, m'mahotela kapena m'maofesi. Kuzisunga n'kosavuta. Sizisankha chakudya, sizidwaladwala ndipo zikakhuta bwino zimaikira mazira popanda wozikakamiza. Koma vuto limayambira pomwepo.

Kukangocha, kuwala kukayamba kulowa pawindo, yaimuna imayamba kupirikitsa yaikazi uku ndi uku mpaka kukaipanikiza pa zomera za m'madzi. Ziwirizo zimagundana nthiti, kunjenjemera pang'ono, kenaka timazira tingapo n'kumwazika. Zimabwereza chomwecho kwa ola limodzi kapena kuposa mpaka mazira akwane mazana angapo. Zikatha apo, mayi ndi bambo omwewo amatembenuka n'kuyamba kutola mazira aja limodzilimodzi ngati nkhuku zapeza mapira. Pomwe ana a pakhomo azidzachokera kusukulu masana kuti aone zodabwitsa, m'thanki mumakhala mulibe kanthu.

Mazira omwe apulumuka pakamwa pa makolo amakumana ndi mdani wachiwiri, yemwe ndi chuku choyera ngati thonje chomwe chimatha kuwononga mazira onse usiku umodzi. Dzira la barb limaswa pasanathe masiku awiri, choncho luso lonse la woweta lagona pa kuliteteza m'masiku awiri amenewa.

Abale ake a matemba

Dzina loti barb lingamveke lachilendo, koma nsombayi si mlendo kwenikweni kwa aliyense amene adadyapo nsima ya matemba. Matemba a ku nyanja ya Chilwa, omwe amadzaza misika ya ku Zomba, Phalombe ndi Machinga, ali m'banja limodzi ndi nsomba za m'galasizi. Banjali akatswiri amalitcha Cyprinidae ndipo ntchila nayo ili momwemo. Dzina la barb lidachokera ku mawu a Chilatini otanthauza ndevu, kaamba koti zambiri mwa nsombazi zili ndi tindevu m'mbali mwa kamwa.

Katswiri wa ku Germany, Wilhelm Peters, ndiye adalemba koyamba za mtundu wa matemba omwe amachuluka ku Chilwa m'chaka cha 1852, atawapeza ku Quelimane m'dziko la Mozambique. Kwa zaka zambiri m'mabuku ankatchedwa Barbus paludinosus, koma kuyambira mu 2015 akatswiri adawasamutsira m'gulu la Enteromius.

Ma barb omwe amawetedwa kwambiri m'magalasi kwawo ndi ku Asia. Wotchuka kuposa onse ndi tiger barb, wa mizere inayi yakuda yodutsa pathupi lachikasu, yemwe amatalika mpaka masentimita 7. Kwawo ndi ku zilumba za Sumatra ndi Borneo, ndipo dokotala wa ku Netherlands, Pieter Bleeker, adalemba za iye mu 1855. Wina ndi cherry barb wa m'timitsinje ta mthunzi ta ku Sri Lanka, yemwe sapitirira masentimita 5 ndipo wamphongo wake amafiira ngati phwetekere wakupsa ikafika nthawi yoswana. Wachitatu ndi rosy barb wa ku India ndi Bangladesh, yemwe amapirira madzi ozizira kuposa anzakewo.

Chambo amafukata, barb amamwaza

Amalawi ambiri amadziwa momwe chambo chimalerera. Chachikazi chimatola mazira ake n'kuwasunga m'kamwa kwa milungu ingapo, osadya, mpaka ana ataswa ndi kulimba. Mbuna, nsomba zamawangamawanga za m'miyala ya nyanja ya Malawi zomwe malemu Stuart Grant adayamba kutumiza kunja kuchokera ku Salima m'zaka za m'ma 1970, nazo zimalera chimodzimodzi. M'kamwa mwa make, mazira amakhala akutembenuzidwa ndi kutsukidwa ndi madzi atsopano nthawi zonse, ndipo lomwe lafa limalavulidwa kapena kumezedwa.

Barb alibe zonsezo. Iye samanga chisa, salondera ndipo sazindikira n'komwe kuti dzira lomwe lili patsogolo pakelo ndi lake. Njira yake ndi yoikira ambiri n'kuwasiya m'manja mwa chilengedwe. Kutchire zimenezi zimayenda bwino chifukwa nsombazi zimaswana mvula ikagwa, madzi atasefukira m'maudzu. Mazira amagwera pakati pa udzu wothithikana pomwe pakamwa sipangafike, madzi amakhala atsopano komanso oyenda, ndipo makolo amapitirira ulendo wawo.

M'thanki yagalasi mulibe kothawira. Dzira limagwera pagalasi poyera, makolo ali pomwepo, ndipo madzi ndi omwewo omwe muli zitosi ndi zotsala za chakudya. Choncho ntchito ya woweta ndi kubwezeretsa zinthu ziwiri zomwe dambo losefukira limapereka ulere: pobisalira mazira ndi madzi aukhondo.

Dzira labwino limayambira pa make

Oweta odziwa amayamba ntchito mlungu umodzi kapena iwiri tsiku loikira lisadafike. Poyamba amasankha makolo. Yaikazi imadziwika ndi mimba yonenepa, pomwe yaimuna imakhala yowonda ndi yowala kwambiri. Tiger barb wamphongo amafiira pamphuno. Nsomba yopindika msana, yodyeka zipsepse kapena ya timadontho toyera pathupi siyenera kusankhidwa, ndipo n'kwanzeru kupewa kukwatitsa zachibale mibadwo yotsatizana poti ana amayamba kubadwa ofooka.

Akasankha, amalekanitsa zazimuna ndi zazikazi m'mathanki awiri. Izi zimathandiza kuti yaikazi isamataye mazira pang'onopang'ono tsiku lililonse, koma iwasunge kuti adzatuluke pamodzi pa tsiku lomwe woweta wakonzeka. Pa nthawiyi nsomba zimadyetsedwa kawiri kapena katatu patsiku chakudya chomanga thupi monga nyongolotsi zoduladula ndi tizilombo ta m'madzi totchedwa daphnia. Mphutsi za udzudzu nazo zimazikonda kwambiri, koma si nzeru kusunga dala madzi oswanirana udzudzu pakhomo m'dziko lomwe malungo akupha ana.

Kulekanitsaku kusatalike. Mazira akakhalitsa m'mimba amapyola msinkhu, ndipo ngakhale ataikiridwa ambiri amasukusa. Tiger barb wamkazi wodya bwino amatha kuikira pafupifupi milungu iwiri iliyonse, choncho palibe chifukwa chomusungira mwezi wathunthu.

Chipinda cha mwambo

Thanki yoikiriramo siyenera kukhala yaikulu. Ya malita 20 mpaka 40 ndi yokwanira, ndipo madzi angofika masentimita 15 kapena 20 kuchokera pansi. Madzi osaya amathandiza dzira kufika pansi msanga makolo asadaliwakhe. Pansi sipathiridwa mchenga chifukwa umasunga litsiro.

Pali njira zitatu zobisira mazira. Yoyamba ndi kuyala pansi timipira tagalasi tomwe ana amasewera nato, kapena nsangalabwi zowiritsa, mizere iwiri yosanjikiza, kuti mazira azigwera m'mipata. Yachiwiri ndi kuika sefa yapulasitiki m'mwamba pang'ono kuchokera pansi, ya mabowo oti dzira n'kudutsa koma nsomba ayi. Dzira la tiger barb limangopitirira pang'ono milimita imodzi. Yachitatu ndi kumanga mtolo wa ulusi wolukira majuzi, wa mtundu wosasuluka, kuuwiritsa n'kuuika m'madzi kuti ukhale m'malo mwa udzu. Mazira a barb ambiri amamata pang'ono, ndiye amakakamira mu ulusiwo. Ambiri amaphatikiza sefa ndi ulusi.

Apa pali msampha womwe ungagwire banja lililonse la m'tauni. Chidutswa cha neti yogonamo chimaoneka ngati sefa yabwino, koma maneti ambiri amakhala onyikidwa m'mankhwala opha udzudzu, ndipo mankhwala amenewa ndi poizoni woopsa kwa nsomba. Chimodzimodzinso mankhwala opopera mphemvu ndi udzudzu m'nyumba, ngakhalenso utsi wa koyilo. Ndowa yomwe idachapirapo zovala ndi sopo nayo siyenera kuyandikira thankiyi. Ziwiya zake zizikhala zapadera ndipo zizitsukidwa ndi madzi otentha okha.

Zomera zotola kumtsinje nazo zimabwera ndi alendo osaitanidwa. M'masamba ake mumabisala nkhono zomwe zimadya mazira, komanso ana a tombolombo omwe amagwira tinsomba tongoswa kumene. Kuwonjezera apo, nkhono zina za m'madambo ndizo zimafalitsa likodzo. N'chifukwa chake ulusi wowiritsa umaposa udzu wa kudambo.

Zonse zikakonzeka, yaikazi imalowetsedwa masana kuti izolowere, yaimuna n'kutsatira madzulo. M'thankiyi simuthiridwa chakudya ngakhale pang'ono. Nthawi zambiri mwambo umachitika m'mawa wotsatira, ndipo woweta amayenera kukhala pafupi. Akangoona kuti kuthamangitsana kwatha, mimba ya yaikazi yaphwa ndipo ziwirizo zayamba kufufuza pansi, nthawi yozichotsa yakwana. Ngati padutsa masiku awiri kapena atatu popanda chochitika, amazilekanitsanso n'kudzayesa mlungu wina.

Ikawola imodzi, zawola zonse

Akuluakulu adati nsomba ikawola imodzi ndiye kuti zawola zonse. Mwambiwu umakwanira ndendende pa mazira a barb. Dzira lamoyo limakhala loonekera mkati ngati kadontho ka madzi, mwina lachikasu pang'ono. Lomwe silidakumane ndi umuna, kapena lafa, limasanduka loyera ngati mkaka pasanathe tsiku.

Dzira loyeralo ndilo khomo la chuku. Chuku cha m'madzi, chomwe akatswiri amachitcha Saprolegnia, njere zake zimapezeka pafupifupi m'madzi aliwonse opanda mchere, ndipo palibe woweta angazithetseretu. Njerezi zimakonda kutera pa chinthu chakufa. Zikatera pa dzira losukusa zimamera timizu toyera tomwe timatambalala mbali zonse, kufikira mazira amoyo oyandikana nalo, kuwakuta ndi kuwatsekera mpweya. Pakutha pa usiku umodzi, pomwe padali dzira limodzi lakufa pamakhala mpira wa thonje wokhala ndi mazira khumi mkati.

Mankhwala oyamba a vutoli ndi maso ndi dzanja. Patatha maola 12 chiikirireni, woweta amaunika ndi tochi n'kuyamwa dzira lililonse loyera pogwiritsa ntchito sirinji yopanda singano kapena kapaipi kakang'ono. Amabwerezanso madzulo ndi m'mawa. Ndi ntchito yotopetsa maso, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri ndi mpweya. Kapampu kotulutsa thovu pang'onopang'ono pakona ya thanki kamayendetsa madzi, kubweretsa mpweya wabwino ku mazira komanso kulepheretsa njere za chuku kukhazikika. Thovu lamphamvu limagubuduza mazira, choncho liyenera kukhala lofatsa. Ngati pali chosefera madzi, chikhale cha siponji, poti zosefera zamphamvu zimameza ana akaswa.

Chachitatu ndi kutentha. Tiger barb ndi cherry barb amafuna madzi a madigiri 26 kapena 27. Pamenepa cherry barb amaswa pakatha tsiku limodzi kapena awiri, tiger barb pakatha maola 36 mpaka 48. Madzi akazizira, dzira limachedwa kuswa, ndipo tsiku lililonse lowonjezera ndi mwayi kwa chuku. Oweta ambiri amaphimbanso thanki ndi nsalu kapena katoni kuti mukhale mdima, monga momwe zimakhalira pansi pa udzu.

Mankhwala abuluu

Pa mankhwala ogula, wodziwika kwambiri ndi methylene blue. Mankhwalawa ali ndi mbiri yaitali. Heinrich Caro wa ku Germany adawapanga mu 1876 ngati utoto wa nsalu, ndipo mu 1891 Paul Ehrlich ndi Paul Guttmann adawayesa pochiza malungo. Lero oweta nsomba amawathira m'madzi a mazira, pafupifupi mamiligalamu 2 kapena 3 pa lita, makolo akangochotsedwa. Mphamvu yake imasiyana malinga ndi botolo, choncho mlingo wolembedwa pabotolo ndiwo woyenera kutsatira.

Ubwino wina wa utotowu ndi woti mazira akufa amaumwa n'kudera, motero savuta kuwaona. Koma uli ndi zovuta zake. Umapha tizilombo tothandiza tomwe timakhala mu siponji n'kumayeretsa madzi, umafoola zomera ndipo umathimbiritsa chilichonse chomwe wakhudza. Ana akangoswa, woweta amayamba kuuchepetsa posintha madzi pang'onopang'ono. Botolo lake lisungidwe patali ndi ana a pakhomo, ndipo mankhwalawa si othira m'dziwe la nsomba zodya.

Palinso utoto wina wobiriwira wotchedwa malachite green womwe kale unkagwiritsidwa ntchito kwambiri. Umenewu ndi waukali kwa tinsomba tongoswa, ndipo maiko ambiri adauletsa pa nsomba zodya poopa khansa. Ku Thailand ndi maiko oyandikana nawo, oweta amaponya m'madzi tsamba louma la mtengo wa Terminalia catappa, lomwe limasandutsa madzi kukhala ngati tiyi wopanda mkaka ndi kuchepetsako mphamvu ya chuku.

Komabe mankhwala saukitsa dzira lakufa. Ngati pafupifupi mazira onse ayera tsiku loyamba lomwelo, mlandu si wa chuku. Kawirikawiri zimatanthauza kuti yaimuna idali yanthete kapena yokalamba, yaikazi idasunga mazira nthawi yaitali, kapena madzi sadali oyenera. Kuwonjezera utoto pamenepo n'kungotaya ndalama.

Madzi ndi magetsi a kwathu

Madzi a kwawo kwa tiger barb ndi cherry barb ndi ofewa, opanda laimu wambiri, ndipo pa muyezo wa pH amakhala cha pa 6.5 mpaka 7. Nsomba zazikulu zimazolowera madzi osiyanasiyana, koma mazira ndi osankha. M'matauni ambiri a m'dziko muno anthu amadalira mpopi kapena mjigo, ndipo aliwonse mwa madzi amenewa ali ndi chenjezo lake.

Madzi a mumpopi amathiridwa klorini wopha tizilombo, yemwe amaphanso mazira. Ayenera kukhala m'ndowa yosavindikira kwa tsiku limodzi kapena awiri, kapena kuthiridwa madontho ochotsa klorini. Madzi a pamjigo m'madera ena amakhala ndi laimu kapena mchere wambiri. Chizindikiro chake ndi sopo wosachita thovu ndi zoyera zomata m'ketulo. Madzi otere amafewetsedwa powasakaniza ndi a mvula, otungidwa m'beseni lapulasitiki poyera. A padenga la malata, makamaka a mvula yoyamba, amatsuka fumbi, zitosi za mbalame ndi dzimbiri.

Kuzima kwa magetsi ndi vuto lina. Thanki yaing'ono imazizira msanga, makamaka m'miyezi ya June ndi July kumadera okwera monga Dedza ndi Mzuzu. Woweta wopanda chotenthetsera madzi angachite bwino kuikiritsa nsomba zake pakati pa October ndi March pomwe kunja kumatentha kale, kapena kuyamba ndi rosy barb yemwe sadandaula ndi madzi ozizirirapo. Magetsi akazima usiku, kufunditsa thanki bulangete ndi kutsamiritsa botolo la madzi ofunda m'mbali mwake kumasunga kutentha. Kapampu ka mabatire kamathandiza pa mpweya. Kumadera otentha monga Chikwawa ndi Nsanje vuto limatembenuka: thanki ikaombedwa ndi dzuwa, madzi amatentha mopyola, mpweya n'kuchepa.

Akaswa, njala

Ana a barb akangoswa amaoneka ngati tizidutswa ta tsitsi tomata pagalasi. Sasambira ndipo sadya, poti amakhala ndi kathumba ka chakudya pamimba komwe kamawasunga kwa masiku awiri mpaka asanu malinga ndi mtundu. Kuthira chakudya pa nthawiyi n'kungoipitsa madzi. Tsiku lomwe ayamba kusambira okha ndilo tsiku loyamba kudyetsa, ndipo kuchedwa ndi tsiku limodzi lokha kumapha ambiri.

Pakamwa pawo m'pochepetsetsa moti chakudya cha m'sitolo sichilowa. Chakudya choyamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa infusoria, tomwe woweta amalima yekha. Amatenga botolo la madzi a m'thanki yakale, kuponyamo tsamba la letesi kapena kachidutswa ka khoko la nthochi, kuvindikira ndi nsalu kuti udzudzu usalowe, n'kuliika powala. Madzi amayamba achita mbuu, kenaka pakatha masiku angapo amayera, kusonyeza kuti tizilombo tachuluka. Botololi liyenera kukonzedwa mlungu umodzi nsomba zisadaikire.

Zikavuta, chikasu cha dzira la nkhuku lowiritsa chimathandiza. Kachidutswa kochepa ngati mutu wa machesi kamafinyidwa m'kansalu m'kapu ya madzi, madontho angapo okha n'kuthiridwa m'thanki. Chikachuluka chimawola ndi kupha ana onse. Pakatha masiku angapo ana amatha kudya Artemia, tizilombo ta m'madzi amchere tomwe mazira ake ouma amakololedwa m'nyanja monga Great Salt Lake ku America ndipo amaswa pakatha pafupifupi tsiku limodzi akaikidwa m'madzi amchere okhala ndi thovu.

Lamulo lake ndi kudyetsa pang'ono koma pafupipafupi, ndi kusintha gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi tsiku lililonse ndi ena ofanana kutentha. Ana sakula mofanana, choncho akuluakulu amapatulidwa kuti asalande chakudya cha anzawo. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu amakhala afika pogulitsa kapena kupatsa anzawo.

Asadayambe zonsezi, woweta adzifunse komwe nsomba 200 zidzapite. Msika wa nsomba zokongoletsera m'dziko muno ndi waung'ono ndipo uli makamaka m'mizinda. Ogula nawo afunika kuuzidwa zoona: tiger barb amafuna kukhala pagulu la zisanu ndi imodzi kapena kuposa, apo ayi amaluma zipsepse za nsomba zina, ndipo si woika pamodzi ndi mbuna zomwe ndi zaukali komanso zimafuna madzi a mtundu wina.

Phindu loposa ndalama

Dzira lililonse lomwe laswa m'galasi limachepetsa chifukwa chokagwirira nsomba kumtsinje. Nkhani ya Denison barb ikuchitira umboni. Nsombayi, ya mzere wofiira wochokera pamphuno, imapezeka m'mitsinje yochepa ya m'mapiri a Western Ghats kum'mwera kwa India, ndipo Francis Day adalemba za iyo mu 1865. Itatchuka pamsika wa dziko lonse, mpaka kupatsidwa dzina loti Miss Kerala, idagwidwa mwaunyinji kotero kuti bungwe la IUCN lidaiika pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi yotheratu. Cherry barb naye ali pachiopsezo kwawo ku Sri Lanka kaamba ka kudulidwa kwa nkhalango ndi kugwidwa kwa zofiira kwambiri, ngakhale m'masitolo a dziko lonse ali mbwee chifukwa choswanitsidwa m'mafamu.

Koma mpeni womwewu ndi wakuthwa konsekonse. Nsomba zoswana mosavuta chonchi zikatayidwa mumtsinje wa eni zimakhazikika. Rosy barb adakhazikika kale m'mitsinje ina ya ku Australia ndi Mexico atachoka m'manja mwa oweta. Amalawi akudziwa zomwe namasupuni, duwa lochokera ku South America lomwe lidafala m'maiko ambiri ngati chokongoletsera, wachita mumtsinje wa Shire. Lamulo la za nsomba la mu 1997 limafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nsomba munthu asadalowetse nsomba zachilendo m'madzi a dziko lino. Wotopa ndi nsomba zake azipereke kwa woweta mnzake, osati kuzitaya m'ngalande, m'dambo kapena m'dziwe.

Phunziro la ku Chilwa

Zomwe mwana amaona m'thanki ya malita 20 ndi zomwe zimachitika ku Chilwa chaka chilichonse. Mvula ikagwa, matemba amalowera m'madambo ndi m'mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe kukamwaza mazira m'maudzu omizidwa. Temba laling'ono limaikira mazira mazana angapo, lalikulu mpaka kupitirira 2,000, ndipo palibe limodzi lomwe limalonderedwa ndi make.

Nyanjayi idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo idatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Nthawi zonsezi matemba, makumba ndi milamba yomwe idabisala m'maiwe a m'mitsinje ndiyo idadzazanso nyanja madzi atabwerera. Matemba amabwerera msanga chifukwa cha kuchuluka kwa mazira awo, koma mazirawo amafuna zinthu ziwiri zomwe zija: udzu wobisalamo ndi madzi oyera. Njedza ndi bango zikatenthedwa, matope a m'minda ya m'mbali mwa mitsinje akakwirira udzu, kapena neti yogonamo ikakokedwa m'dambo m'dzinja pomwe usodzi wa makoka umatsekedwa, mazira aja amakhala ngati agwera pagalasi poyera.

Banja lomwe lagonera tochi m'manja kuchotsa timazira toyera, kenaka n'kuona tizidutswa ta tsitsi tikuyamba kusambira m'mawa wa tsiku lachisanu, silifunikanso kuuzidwa chifukwa chomwe asodzi amapemphedwa kupachika makoka mvula ikayamba. Mulu wa matemba wa pamsika nawo udayamba ngati dzira lochepa ngati njere ya mpiru, lomwe lidapeza pobisala kwa masiku awiri.